Zotsatira za biopsy ya prostate zati "zokayikitsa": kodi ndi khansa kapena ayi?

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 63, ndimakhala ku Bembeke kuno ku Dedza. Ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, pano ndimalima mbatatesi. Chaka chatha ndinayamba kumadzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, ndipo mkodzo umatuluka mofooka, nthawi zina kumangodontha. Atandiyeza magazi anati PSA ili pa 7.8, ndiye ananditumiza kuchipatala chachikulu komwe anandibaya ndi singano n'kutenga tizidutswa 12 ta prostate. Zotsatira zabwera m'Chingerezi. Pa tizidutswa 10 alemba kuti benign, pa kamodzi alemba high-grade PIN, pa kotsalako alemba atypical small acinar proliferation, suspicious but not diagnostic of malignancy. Adokotala anandiuza kuti si khansa, koma ndipitenso pakatha miyezi itatu akandibayenso. Ngati si khansa akundibayiranso chiyani? Kapena akundibisira? Akulu anga a bere limodzi anamwalira ndi khansa yomweyi ali ndi zaka 70, ndipo anzanga akuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Mayi akunyumba sakugona, inenso tulo tasowa."

Bambo, zikomo polemba, ndipo pepani ndi imfa ya akulu anu. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo: palibe akukubisirani. Dokotala woyeza tizidutswa ta mnofu akaona khansa salankhula mozungulira. Amalemba mawu akuti adenocarcinoma, ndipo pambali pake amaika manambala ngati 3+3=6 kapena 4+3=7. Tengani pepala lanu muliwerengenso, mawu amenewo mulibe. Mawu akuti benign amene alemba pa tizidutswa 10 akutanthauza kuti m'tizidutswa timeneto mulibe khansa. Lero lino pepala lanu silikunena kuti muli ndi khansa.

Koma ndikhala ndikunama ndikati nkhani yatha. Zili ngati mlandu umene wafika pabwalo mboni ili imodzi yokha, nayonso zinthuzo inaziona kuli chisisira. Mfumu yodziwa ntchito yake siigamula mlandu wotero, komanso siwuza anthu kuti bwererani palibe nkhani. Imati mubwerenso tsiku lakuti, tifufuze kaye. Tsiku lakutilo ndi miyezi itatu imene mwauzidwayo.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha. Kali pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwa mnyamata kamakhala ngati kambatatesi kakang'ono ka mbewu, kolemera magalamu pafupifupi 20, ndipo ntchito yake ndi kupanga gawo la madzi a umuna. Munthu akamakula nakonso kamakula.

Munagulitsapo chimanga kwa ogula aja amabwera ndi kachitsulo kosongoka kobowolera thumba? Amabaya apa, amabaya apo, n'kukhuthulira njere zingapo m'manja kuti aone ngati muli anankafumbwe. Singano ya biopsy imagwira ntchito chimodzimodzi. Kachidutswa kalikonse ndi kowonda ngati ulusi wosokera matumba, kutalika kwake sikufika masentimita 2, ndipo tonse 12 mukatiphatikiza sitikwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a prostate yonse. Njere zikatuluka ndi nankafumbwe wamoyo, palibe mkangano. Zikatuluka zonse zoyera, wogula amakhulupirira ndithu, ngakhale sanakhuthule thumba. Vuto ndi pamene njere imodzi yatuluka ndi kachiboo kakang'ono m'mbali. Kodi ndi nankafumbwe anayamba kuboola, kapena inangophwanyika potonola? Njere imodziyo singakuuzeni. Muyenera kubayanso, makamaka cha pamene inachokerapo.

Njere yanu ya kachibooyo ndi imene alemba kuti atypical small acinar proliferation. Ife timangoidula kuti ASAP, ndipo musaisokoneze ndi ASAP ija munkalemba pa makalata a kusukulu pofuna kuti zinthu zichitike msanga. Tiyeni tiione pafupi, chifukwa nkhani yanu yonse yagona pamenepa.

Mukayang'ana mnofu wa prostate pa maikulosikopu, mumaona timiphika ting'onoting'ono tambirimbiri momwe mumapangidwa madzi aja. Kamphika kabwinobwino khoma lake lili ndi mizere iwiri ya maselo: mzere wamkati wopanga madzi, ndi mzere wakunja wokhala ngati mpanda. Khansa ya prostate imadziwika ndi timiphika ting'onoting'ono tothithikana, ta maselo a maso otuluka, ndiponso topanda mpanda wakunja uja. Kuti dokotala wa kulabu alembe kuti iyi ndi khansa, amafuna aone timiphika toterowo tokwanira, ndipo zizindikiro zigwirizane. Nthawi zina amangoona tiwiri kapena titatu, m'mphepete mwenimweni mwa kachidutswa, mwina tophwanyikanso ndi singano. Tikuoneka tachilendo, inde, koma pali zinthu zina zosaopsa zimene zimaonekanso motero: mnofu umene wafota ndi ukalamba, malo amene panali kutupa chifukwa cha tizilombo, kapena timiphika tabwinobwino tongophukirana pamodzi. Akalemba kuti khansa pamene si khansa, munthu angachitidwe opaleshoni yaikulu pachabe. Akalemba kuti mulibe kanthu pamene singano inangokhudza m'mphepete mwa chotupa, munthu apita kwawo ndi matenda. Ndiye amalemba chilungamo chake: ndaona chokayikitsa, koma sichikukwana kugamulira.

Choncho ASAP si dzina la matenda, ndipo si chinthu chimene chimakula n'kusanduka khansa. Ndi funso limene lasiyidwa lopanda yankho. Chimene chili m'thupimo chili kale chimene chili, kaya ndi kakhansa kakang'ono kamene singano inangokapalasa, kaya ndi mnofu wosalakwa.

Zotsatira zotere si zachilendo. Zimapezeka pa ma biopsy pafupifupi 5 mwa 100 alionse, kapena kucheperapo. Amuna a ASAP akabayidwanso, pakati pa 30 ndi 40 mwa 100 amapezeka ndi khansa. Manambalawa muwawerenge mbali zonse ziwiri. Oposa theka sapezeka nayo. Ndipo mwa amene apezeka nayo, ambiri imakhala khansa ya mtundu wofatsa, yoyenda pang'onopang'ono kwambiri. Komabe mmodzi pa amuna atatu si nambala yoti munthu n'kuifulatira, makamaka poti mwa iwowo muli ena amene yawo ndi yolusa, ndipo ikapezeka nthawi ino imachizika.

Za high-grade PIN sindichedwapo. Apa maselo amkati mwa kamphika asintha maonekedwe, koma mpanda wakunja ukadalipo. Ng'ombe zayamba kulongolola koma zili m'khola. PIN imapezeka mwa amuna achikulire ambiri, payokha siikweza PSA, ndipo siifuna mankhwala kapena opaleshoni. Ikapezeka pa kachidutswa kamodzi, mwayi wodzapeza khansa pobayanso umakhala cha m'ma 20 mpaka 25 pa 100, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi munthu amene tizidutswa take tonse tinatuluka toyera. Imayamba kutidetsa nkhawa ikapezeka pa tizidutswa tingapo. Mukanakhala ndi PIN yokhayo pa kamodzi, ndikanati tingoyang'anira PSA. Chimene akukuitaniraninso ndi ASAP.

Tsono manambala aja ndi a gulu. Inu muli ndi zanu zimene ndiyenera kuziika pa sikelo, ndipo cholemera kwambiri ndi akulu anu. Mwamuna amene bambo ake kapena mbale wake wa bere limodzi anadwala khansa ya prostate, chiopsezo chake chimawirikiza kawiri kapena kuposa. Kuno kwathu anthu ambiri powerenga matenda a kumtundu amayang'ana mbali imodzi, koma magazi amachokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Ngati mayi anu, alongo anu kapena azakhali anadwala khansa ya bere kapena ya thumba la mazira akadali achichepere, mukawauze adokotala, chifukwa pali chibadwa china chotchedwa BRCA2 chimene chimayenda m'mabanja n'kumabweretsa khansa zonsezi. Kachiwiri ndi khungu lathuli. Amuna akuda amadwala khansa imeneyi kuposa mitundu ina, ndiponso imawayamba msanga. Ku Britain amawerengera kuti mwamuna wakuda mmodzi pa anayi alionse adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene kwa amuna onse pamodzi ndi mmodzi pa 8. Kachitatu ndi zaka, ndipo pa 63 mwalowa m'msinkhu wake.

PSA ya 7.8 ili m'chigawo chimene chimativutitsa tonse. Pakati pa 4 ndi 10, pafupifupi mwamuna mmodzi pa anayi ndi amene amapezeka ndi khansa. Ikapitirira 10 mwayiwo umafika theka kapena kuposa. PSA ndi chinthu chimene prostate iliyonse imapanga, yodwala ndi yosadwala yomwe, ndipo imakwera ndi zambiri: kukula wamba kwa prostate, matenda a m'njira ya mkodzo, kutsekeka kwa mkodzo, paipi ya mkodzo ija timaika, ngakhale kukhala malo amodzi ndi mayi dzulo lake. Pali kasamu kena kamene mphunzitsi ngati inu mungakachite nokha. Ngati anakujambulani sikani, pa pepala pamakhala kukula kwa prostate m'mamililita. Gawani PSA ndi nambala imeneyo. Prostate ikakhala 60, ndiye 7.8 kugawa ndi 60 ikupatsani 0.13, ndipo chilichonse chochepera 0.15 chimatipatsako mpumulo, chifukwa prostate yaikulu ili ndi chifukwa chopangira PSA yambiri. Koma ikakhala 30, yankho ndi 0.26, ndiye timafunsa kuti kanthu kakang'ono chonchi PSA yonseyi kakuitenga kuti.

Kudzuka usiku ndi kufooka kwa mkodzo ndi nkhani ina, musaimangirire ku timiphika titatu tija. Kawirikawiri chimene chimachititsa ndi kukula wamba kwa prostate, kumene kumagwira pafupifupi theka la amuna a zaka 60. Kukula kumeneku kumachitika chapakati, pozungulira njira ya mkodzo, n'chifukwa chake kumafinya njirayo. Khansa imakonda kuyambira chakunja, kumbuyo, kutali ndi njira, motero ikamayamba siimveka n'komwe. Apa ndi pamene amuna ambiri amasochera: akapatsidwa mankhwala mkodzo n'kuyamba kutuluka bwino, amati ndachira, osabweranso. Mankhwala ngati tamsulosin amamasula njira, ndipo ndi abwino, koma sayankha funso la ASAP. Ena ndi finasteride, amene amachepetsa prostate pang'onopang'ono. Awa muwadziwe bwino, chifukwa mukawamwa kwa miyezi 6 kapena chaka amatsitsa PSA ndi theka. Munthu amene PSA yake yatsika kuchoka pa 8 kufika pa 4 ali pa finasteride, kwenikweni sinasunthe. Aliyense wokuyezani muzimuuza kuti mukumwa. Muyezetsenso shuga, poti nayenso amadzutsa anthu usiku. Ndipo ndi kuzizira kwa ku Bembeke kuja, tiyi wa madzulo amakoma, ndikudziwa, koma makapu awiri musanagone ndi maulendo awiri apanja. Mapiritsi a chimfine ngati Piriton, mowa wambiri, ndi kupirira mkodzo ulendo wonse wa minibasi, zitatuzi ndaziona zikutsekeratu mkodzo mwa amuna a prostate yaikulu.

Tibwere kwa anzanu ndi nkhani ya chitsulo. Ndaimva kambirimbiri ndipo sindiwaseka, chifukwa zimene anaona ndi zoona, kungoti anazimasulira molakwika. Amuna ambiri kwathu kuno amafika kuchipatala mkodzo utatsekeka kale, msana ukuwawa, khansa italowa kale m'mafupa. Timawabaya kuti titsimikize, pakapita miyezi ingapo amamwalira, ndipo pamaliro anthu amati inalusa ndi singano ija. Singano inafika mochedwa, si kuti inafulumizitsa. Ma biopsy a prostate amachitika ochuluka zedi chaka chilichonse padziko lonse, ndipo sayambitsa khansa kapena kuibalalitsa m'thupi. Mwina akulu anunso nkhani yawo inali yotero. Inu mwafika pa nthawi imene iwo sanaipeze.

Chiopsezo chenicheni cha biopsy ndi china, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna muchiope. Singano ikadutsira kunjira ya chimbudzi imatha kulowetsa tizilombo m'magazi. Zimachitikira amuna ochepa, mmodzi mpaka atatu pa 100, koma zikachitika zimathamanga. Mukamva kutentha thupi kapena kunjenjemera m'masiku oyamba mutabayidwa, musaganize kuti ndi malungo n'kukagula mapiritsi pa golosale. Pitani ku chipatala cha boma pa Dedza kapena chilichonse chapafupi usiku womwewo, ndipo mawu oyamba kunena pakhomo akhale akuti ndabayidwa prostate tsiku lakuti. Chimodzimodzi mkodzo ukatsekeka, kapena magazi akamatuluka ambiri a mibulu. Timagazi pang'ono mu mkodzo kwa masiku angapo si kanthu. Mu umuna magazi amatha kuoneka mpaka mwezi ndi theka, poyamba ofiira kenako ngati dzimbiri. Zimaopsa kuziona, koma zimatha zokha. Kwa anzathu a kunsi kwa phiri, cha ku Mtakataka ndi Golomoti, magazi mu mkodzo kapena mu umuna timaganiziranso likodzo, choncho ngati munakhalako kunyanja mukanene.

Kodi kubayidwanso n'kofunikadi? Madokotala sagwirizana onse pa nthawi yake. Langizo limene lakhalapo kwa zaka zambiri ndi kubwereza pakati pa miyezi 3 ndi 6. Masiku ano m'mayiko amene makina a MRI ali paliponse, ena amayamba ajambula kaye, n'kubaya pokhapo pamene chithunzi chaonetsa, kapena kudikira akuyang'anira PSA. Mukanakhala wa zaka 82, wodwala mtima, ndikanakuuzani kuti musavutike nazo, chifukwa amuna oposa theka a msinkhu umenewo amakhala ndi timaselo ta khansa mu prostate ndipo amamwalira ndi zina osadziwa n'komwe. Koma inu muli ndi zaka 63, mukukwera mapiri ndi matumba a fetereza, mbale wanu anapita ndi matenda omwewa, PSA ili pamwamba, ndipo MRI kwathu kuno imapezeka m'mizinda mokha, m'zipatala zowerengeka. Ine maganizo anga ndi akuti mupite. Si za changu choti mugulitse mbuzi mawa m'mawa. Khansa ya prostate siithamanga pa masabata, ndipo prostate imafunanso nthawi kuti ipole. Mukafuna kudikira mukolole kaye mbatatesi kuti mupeze ya thiransipoti, mwezi umodzi kapena iwiri yowonjezera siiwononga kanthu. Koma miyezi 6 isadutse.

Mukapita, pali zinthu zoti mufunse, ndipo musachite manyazi poti ndinu mwini thupi. Funsani ngati tizidutswa takale tingaonedwenso. Timasungidwa mu phula, ndipo kulabu amatha kusenda mozamirapo kapena kuthira utoto wapadera umene umaonetsa ngati mpanda wakunja uja ulipo kapena palibe. Nthawi zina zimenezi zokha zimathetsa mkangano popanda singano ina. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe odwala a Dedza ndi Ntcheu amatumizidwa, kuli labu yoyeza tizidutswa totere, chimodzimodzinso ku Blantyre. Funsaninso kuti kachidutswa kokayikitsako kanachokera mbali iti, kumanja kapena kumanzere, kumtunda kapena kumunsi, chifukwa pobaya kachiwiri amayenera kuchulukitsa pamalo amenewo ndi moyandikana namo, osaiwala kwinako. Ngati ana anu angakwanitse MRI, ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito bwino, koma ijambulidwe patatha masabata 6 mpaka 8 chibayidwireni, poti magazi otsalira mkati amasokoneza chithunzi. PSA nayonso musathamangire kuibwereza masabata 6 asanathe. Masiku awiri musanakayezetse, mayi akupatseni tchuthi, njinga yakapalasa nayonso muisiye. Ngati mumamwa aspirin kapena warfarin nenani kusanafike tsikulo, koma musasiye nokha.

Tinene kuti abayanso ndipo yapezeka. Mawu akuti khansa amagwetsa nkhope, koma khansa ya prostate ili ndi magulu, ndipo kusiyana kwake kuli ngati kwa mwanapiye ndi kabawi. Manambala ndinatchula poyamba aja ndi muyeso wa Gleason, dzina la dokotala wa ku America, Donald Gleason, amene anaukonza m'zaka za m'ma 1960. Wotsikitsitsa umene timalemba masiku ano ndi 6, wapamwamba ndi 10. Anthu akaona 6 amayesa kuti ili pakatikati, pamene ndiyo yofatsa kuposa zonse. Pofuna kuchotsa chisokonezo chimenechi, kuyambira 2014 amalembanso magulu kuchoka pa 1 mpaka 5. Gulu 1, lomwe ndi Gleason 6, kawirikawiri sitilichita opaleshoni. Timaliyang'anira ndi PSA, kupima ndi chala, ndi kubwereza biopsy pakapita nthawi, ndipo amuna ambiri amakalamba nalo. Ya magulu apamwamba imene sinatuluke mu prostate imachizika pochotsa prostate yonse kapena poiwotcha ndi cheza cha makina, ngakhale njira zonsezi zili ndi mtengo wake pa mphamvu za kuchipinda ndi kagwiridwe ka mkodzo. Imene yafalikira timaigwira poimana chakudya chake, chomwe ndi mahomoni achimuna, kudzera m'majakisoni kapena opaleshoni yaing'ono ya mavalo. Imeneyi imachepetsa ululu ndi kuwonjezera zaka, koma siichiza. Kusiyana kwa njira yochiza ndi njira yongochepetsa ululu nthawi zambiri kumakhala zaka zimene munthu anakhala kunyumba ali ndi pepala ngati lanuli m'thumba la jekete.

Ndikunena izi ndikukumbukira bambo wina wa cha ku Tsangano, mlimi wa mbatatesi ngati inu. Pepala lake linali ndi mawu omwewa. Tsiku lobwereranso linagwera mwezi wa Disembala, mvula itagwa, ndalama zonse zitapita ku fetereza. Mankhwala a mkodzo anali atamuthandiza, ndiye anaona kuti palibe chovuta. Tinadzaonananso patatha zaka zinayi, ana ake atamunyamula, miyendo itafooka, PSA ili m'mahandiredi. Kabuku kake ka kuchipatala kanali kokutidwa bwino ndi pulasitiki ya shuga, ndipo pepala lija linali momwemo, lopindidwa kanayi, tsiku lobwerera lolembedwa ndi bolopeni yofiira. Singano yoyamba inali itangopalasa m'mphepete mwa chinthu chachikulu. Sindimuimba mlandu. Nafenso tinalakwa, chifukwa tinamuuza kuti si khansa, ndipo iye anamva mawu awiri okhawo. Kuyambira pamenepo ndinasiya kunena kuti si khansa popanda kuwonjezera kuti koma sitinamalize.

Akabayanso n'kupeza zonse zoyera, pumani ndithu, chifukwa mwayi woti pali choopsa chobisala umakhala watsika kwambiri. Komabe ndi mbiri ya kwanuyo, PSA muziyezetsa miyezi 6 iliyonse poyamba, kenako kamodzi pachaka, ndipo manambala onse azilembedwa pa tsamba limodzi ndi masiku ake. Nambala imodzi siinena zambiri. Chimene timafuna kuona ndi njira imene ikulowera. Ngati kungatheke muziyezetsa pa labu imodzimodzi, poti makina amasiyana pang'ono.

M'miyezi yodikirayi mudzapatsidwa malangizo ambiri. Wina adzabwera ndi mizu, wina ndi botolo la mankhwala otsuka prostate a mtengo wa thumba la fetereza, wina ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena za masamba akutiakuti. Palibe chakumwa chimene chingayankhe funso la zimene zili pa kachidutswa kaja, ndipo mankhwala a m'mabotolo osadziwika mkati mwake amatha kuvulaza impso, zomwe mwa munthu wa mkodzo wovuta zili kale pa ntchito yolemetsa. Ngakhale mavitamini a m'sitolo si onse osalakwa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SELECT anapeza mu 2011 kuti amuna omwa mapiritsi a vitamini E anadwala khansa ya prostate mochulukirapo kuposa osamwa. Idyani zimene dimba lanu likupereka, kabichi, tomato, nyemba, mpiru. Fodya ngati mumasuta musiye, thupi lisanenepe, ntchito ya kumunda pitirizani. Kupemphera pempherani, ndipo abusa kapena abambo mfumu akakhala anzeru adzakufunsani okha kuti tsiku la kuchipatala ndi liti.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku lolembedwa. Kuwawa kwa msana kapena chiuno kosaleka ngakhale mutagona, makamaka usiku. Miyendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, zimenezi ndi za tsiku lomwelo, osati mawa. Kuonda popanda chifukwa, kutupa miyendo, magazi mu mkodzo patapita nthawi chibayidwireni. Ndi PSA ya 7.8 sindiyembekezera zimenezi kwa inu, koma ndi bwino muzidziwe.

Ngati muli ndi ang'ono anu amene apitirira zaka 45, auzeni akayezetse PSA, chifukwa chiopsezo chochokera kwa akulu anu aja ndi chawonso. Ndikudziwa kuti amuna sitikambirana za kumusi, ndipo ambiri chimene amathawa ndi kupimidwa ndi chala. Ndi kanthu ka mphindi imodzi. Inu mwadutsamo kale, mawu anu adzawafika kuposa anga.

Mayi akunyumba muwawerengere yankho lino, musawafotokozere mwachidule ngati mmene amuna timachitira. Auzeni kuti palibe chimene angatengere kwa inu, kaya pogona kaya pa mbale, ndiponso kuti kukhala malo amodzi sikukulitsa vutoli. Tsiku lopita mupite nawo, chifukwa munthu akakhala pa mpando wa wodwala amamva theka la zimene dokotala akunena, ndipo pobwerera mutabayidwa ulendo wa makilomita oposa 80 kuchoka ku Lilongwe si woyenda nokha. Pepala la zotsatira mulijambule pa foni, chithunzicho mutumizirenso mwana wanu mmodzi, ndipo tsiku lobwerera lilembedwe pa kalendala ya pabalaza pamene mayi amaliona. Zotsatira zachiwiri zikatuluka mundilemberenso, mutchule manambala onse mmene alili pa pepalapo, pamodzi ndi kukula kwa prostate kwa pa sikani kuja.